Kolala ya Namwino

Dzina lawo lenileni linalembedwa pamwamba pa chitseko cha situdiyo, koma penti inasuluka kalekale ndipo panalibe amene ankaliwerenga. Msewu wonse unkawatchula kuti a Yandikanani. Dzinali analipeza pa ntchito. Kuyambira ali mnyamata, anthu akaima patsogolo pa kamera yawo, kaya ndi akwati, kaya ana asukulu, kaya banja lobwera ndi khanda, mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali omwewo: yandikanani. Sankadina batani pakakhala mpata pakati pa mapewa. Ankati mpata pa chithunzi uli ngati dzino loguluka, aliyense woona amayambira pomwepo kuyang'ana.

Mkazi wawo ali moyo, mawuwo ankangoyambitsa ntchito, omaliza anali mayiwo. Iwo ndi amene ankapita kwa anthu n'kuwagwira. Ankatembenuza chibwano, kutsitsa phewa, kuwongola kolala, kutenga dzanja la mwamuna wamanyazi n'kuliika pamsana pa mkazi wake. A Yandikanani ankangoima kuseri kwa kamera n'kumaloza ndi chala. Mayiwo atamwalira, anaphunzira kuchita zonsezi okha, pang'onopang'ono, akupepesa asanakhudze munthu. Koma manja anazolowera ndithu, moti nthawi zina ankadzidzimuka atawongola kale kolala ya munthu amene angokumana naye m'sitolo.

Mliri utafika, maukwati anaima, sukulu zinatsekedwa, ndipo ofuna zithunzi za ziphaso anasiya kubwera chifukwa kunalibe kopita. Nsalu ya kumbuyo, ija yojambulidwa masitepe ndi maluwa, inangolendewera pakhoma n'kumatola fumbi. Benchi ya akwati anaiphimba ndi nsalu ya pabedi yakale.

Mwana wawo yekhayo anali namwino pachipatala chachikulu cha mumzindamo, ndipo ankakhala nawo m'nyumba ya kuseri kwa situdiyo. Matendawo atangoyamba, anasamutsira zovala zake ku kachipinda ka panja, kamene kale kanali kotsukira zithunzi. Anatenga mbale yake, kapu yake ndi beseni lake. Anaika mpando pakati pa bwalo n'kunena kuti chakudya azimuikira pamenepo. Bambo ake anali ndi shuga komanso chifuwa chosachedwa kugwidwa, ndipo iye ankaona tsiku ndi tsiku zimene matendawo ankachita ndi anthu otero. Sanawafotokozere zambiri. Anangoti iye akamalowa pageti, iwo azikhala pakhonde.

Choncho ankacheza madzulo aliwonse, wina pakhonde, wina pakhomo pa kachipinda, bwalo lonse lili pakati. Ankakamba za mpopi wodontha ndi za mphaka wa oyandikana nawo amene anazolowera kugona pa zovala zoyanika. Akamufunsa za kuchipatala, ankangoti, "Kuli ntchito, bambo."

Namwinoyo anawalola kuyenda pang'ono m'mawa uliwonse chifukwa cha shugayo, bola avale masiki ndipo asalowe pagulu. Masiku oyamba ankayenda chimanjamanja, koma manja ankasowa pogwira, ndiye anayamba kukoleka kamera m'khosi.

Kutsogolo kwa positi ofesi kunali benchi imene akuluakulu awiri opuma pa ntchito ankakhalapo m'mawa uliwonse. Zaka zonsezi ankawerenga nyuzipepala imodzi, mitu itagundana, wina akutsutsa zimene mnzake sanamalize n'kuwerenga komwe. Tsiku limenelo wina anali ku mapeto kuno, wina ku mapeto uko. Pakati panamatidwa tepi yofiira yopingasa, ndipo pa tepipo panali nyuzipepala imene woyamba anali atangoikankhira kwa mnzake. A Yandikanani anakweza kamera. Mawu awo aja anabwera okha mpaka pakhosi, ndipo anawameza. Anayang'ana kanthawi m'kamera, kenaka anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anasiya nkhope ziwirizo m'mphepete, nalunjikitsa kamera pakati, pa matabwa opanda munthu.

Kuyambira pamenepo ankatuluka kukafuna mipata. Pa sitolo ya mankhwala anapentapo timabwalo toyera pansi kuti aliyense aziima m'kake, koma dzuwa likaswa mtengo anthu ankasiya zikwama ndi nsapato m'timabwaloto n'kukabisala pamthunzi, aliyense akuyang'anira chake. Anajambula mzere wa zikwamawo. Anajambula wogulitsa buledi amene anakhomera thireyi ku mtengo wa tsache kuti azifikira makasitomala. Anajambula mayi wina wokalamba pazenera la nyumba yosanja akutsitsa ndowa pa chingwe, mpongozi wake ali pansi, nkhope m'mwamba. Anajambulanso mnyamata ndi mtsikana pageti lina, wina kuno wina uko, onse akuyang'ana pansi ngati atayapo singano. Nthawi zonse ankaima cham'mbali, anthu n'kuwakankhira m'mphepete mwa chithunzi, ena mpaka kuwadula pakati. Chooneka bwino chinali cha pakatipo: khoma, mng'alu wa simenti, mthunzi wa waya wa magetsi.

Madzulo ankazisindikiza pa makina a mu situdiyo. Anachotsa pazenera la kumsewu zithunzi zakale za maukwati, zimene dzuwa linali litaziyeretsa kale, namanga chingwe n'kupanirapo zatsopanozo ndi zopanira zovala. Sanalembepo mawu alionse.

Khomo loyandikana ndi situdiyo linali la atelala, mayi wamkulu thupi amene tsopano ankasokera pakhonde, akupanga masiki kuchokera ku zidutswa za madiresi a akwati osakwatiwa. Iwo ndi malemu aja ankaitanana achemwali ngakhale panalibe ubale uliwonse, choncho a Yandikanani anali alamu awo, ndipo ankawanena mmene afunira.

"Alamu, zaka zonsezi mumajambula anthu. Lero mwayamba kujambula mphepo?"

"Si mphepo imeneyo."

"Nanga n'chiyani? Apa pali khoma. Apa pali benchi. Uyu mwamudula khutu, ndipo ndikumudziwa, abwera kudzalifuna."

Anabweradi mwini khutuyo, mmodzi wa akuluakulu a pabenchi aja. Anadandaula kuti munthu amene anagwira ntchito ya boma moyo wake wonse sangaonetsedwe theka. Koma anaima pazenerapo nthawi yaitali, ndipo mawa lake anabweretsa mnzake. Anthu odutsa ankaimanso, aliyense patali ndi mnzake, akudzizindikira ndi chigongono kapena nsapato. Sankaseka kwambiri. Ena ankangogwedeza mutu n'kumapita.

A Yandikanani sankadziwa chimene zithunzizo zinali. Ankangodziwa kuti akaziyang'ana, maso awo ankadzaza okha malo opanda kanthuwo ndi zimene zinkakhalapo kale: mitu yogundana, manja opatsana moni osafuna kusiyana, ana odzipanikiza pakati pa miyendo ya akuluakulu, basi yodzaza moti munthu unkadziwa sopo amene mnzako wasambira. Kale zimenezi ankadandaula nazo ngati wina aliyense.

Lachinayi lina madzulo, namwino atatha kudya, sanabweze mbale pampando msanga. Anakhala pakhomo pa kachipinda kake, mbale ili pamwendo, nanena kuti kuyambira Lolemba akumusamutsira ku wodi ya odwala mliri. Ogwira kumeneko sabwerera kunyumba, amagona m'zipinda za kuchipatala komweko mpaka zinthu zitapepuka. Sankadziwa kuti zidzapepuka liti.

Bambo ake anafunsa ngati kumeneko kuli mabulangete okwanira. Iye anati alipo. Anafunsanso ngati angafune kutenga simbi yositira, ndipo iye anati iliponso. Mpopi uja unkangodontha.

"Chabwino," anatero a Yandikanani, nanyamuka kuti akatseke situdiyo, ngakhale inali yotseka kale.

M'kabati ya pansi pa kauntala, kuseri kwa mababu akale ndi zingwe, munali envulopu yokhala ndi chithunzi chimodzi. Munthu amene anajambula maukwati a mzinda wonse analibe chithunzi cha ukwati wake, chifukwa mnzake amene anamubwereka kamera tsikulo anatsegula kumbuyo filimu isanakulungidwe. Zithunzi za mkazi wawo ali yekha zinalipo zambiri, za mayi ndi mwana zinalipo zambiri, koma cha iwo awiri chinali chimenechi chokha.

Linali Lamlungu lina, zaka zambiri zapitazo, atatseka situdiyo. Anaika kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu, anakhazika mkazi wawo pa benchi ya akwati, anatchera kawotchi kamene kamapatsa wojambula mpata woti athamangire pamalo pake, n'kuliyatsa liwiro. Phazi linakola chingwe cha nyali. Sanagwe, koma anachedwa, ndipo kamera sinawadikire. Pa chithunzipo mayiwo ali pa benchi, dzanja atalitambasula kuti awakoke, akuseka kukamwa kuli yasa. A Yandikanani ali m'mphepete, osaoneka bwino chifukwa cha liwiro, tayi ili paphewa. Pakati pawo pali malo okwana munthu wathunthu, ndipo akuoneka ndi masitepe ojambulidwa aja.

Anati adzajambulanso china chabwino. Mkazi wawo anati chimenechi chakwana, ndipo ankafuna chipachikidwe pakhoma. Iwo anakana, poti wojambula sapachika ntchito yowonongeka pamene makasitomala angaione. Mawa lake kunabwera ukwati, mkuja kunabwera sukulu, kenaka mwana anabadwa. Mayiwo ankawaseka kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo iwo ankayankha kuti kamera ili m'nyumba momwemo, siithawa. Kamerayo sinathawedi.

Ataima pa kauntala ndi chithunzicho m'manja, anawerengera zimene anali nazo za mwana wawo. Tsiku loyamba kusukulu, anajambula ndi iwo. Tsiku lomaliza maphunziro a unamwino, anajambula ndi iwo. Chomaliza chimene anali limodzi, mwanayo anali khanda losadziwa n'kukhala komwe. Maganizo ena anayamba kubwera, a shuga wawo ndi a wodi ija, koma sanawalole kufika kumapeto. Anangodziuza kuti Lolemba lisanafike payenera kukhala chithunzi chimodzi cha iwo awiri, chopanda mpata.

Anamuuza madzulo a tsiku lotsatira, akuyang'ana kumbali ngati akunena za mpopi.

"Bambo, miyezi yonseyi ndakhala ndikudyera panja ngati mlonda. Tiwononge zonsezi chifukwa cha chithunzi?"

Anamuuza kuti sadzafunika kuyandikana. Anali ndi galasi lalitali lomangira pa kamera, limene ankajambulira mpira ndi mipikisano ya sukulu. Galasi limenelo limakoka zakutali, komanso limaphwatalitsa zinthu. Mtengo umene uli kutali kumbuyo kwa munthu umaoneka ngati wamutsamira. Sankalikonda, ankati ndi galasi labodza. Koma kamera itaima kumapeto kwenikweni kwa msewu, iye kutsogolo, iwo kumbuyo kwake patali ndithu koma cham'mbali pang'ono, pa chithunzi adzaoneka phewa ndi phewa. Pankafunika dzuwa lowala kuti onse awiri aoneke bwino, ndi msewu wopanda magalimoto. Lamlungu m'mawa zonsezi zimapezeka. Ndipo popeza adzakhala atatalikirana panja, akhoza kuvula masiki.

"Ndiye chithunzi chabodza," anatero namwino.

"Maukwati onse amene ndinajambula anali ndi kabodza kake. Ena ankabwera atakangana m'galimoto."

Anaseka, kuseka kwake koyamba kumveka pabwalopo m'masabata ambiri. Anavomera, koma anati malo oima adzayeza ndi iye, ndipo bambo ake akachoka pamalo awo iye adzalowa m'geti osacheuka. Iwo anapempha kuti adzavale yunifolomu.

Lamlungu kunacha bwino. Atelala anabwera ndi tepi yoyezera m'khosi ndi choko chawo cholembera nsalu. Namwino anaima pamsewu kutsogolo kwa situdiyo, atelala nalemba mtanda pansi pa mapazi ake, kenaka anayeza kubwerera kumbuyo mpata wa lamulo.

"Onjezaninso, mayi aang'ono."

"Iwe, ukufuna bambo ako akaime ku mzinda wina?"

"Onjezani basi."

Anaonjezera, nalemba mtanda wachiwiri. Panatsala vuto limodzi: a Yandikanani sakanatha kuima pa mtanda wawo ndi kuyang'ana m'kamera nthawi imodzi. Atelala analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka atanyamula chidole chawo choyezera madiresi, chopanda mutu, nachiimika pa mtanda wachiwiriwo. Anati chikufanana ndi alamu awo, chifukwa nachonso sichiyankha ukachilankhula.

A Yandikanani ananyamula kamera ndi choimikira chake mpaka kumapeto kwa msewu, pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Kuchokera kumeneko mwana wawo ankaoneka wamng'ono ngati chala. Koma ataika diso m'kamera, nkhope yake inabwera pafupi moti anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anali asanaione yonse chonchi kwa miyezi. Anali ataonda m'masaya. Anakodola atelala kuti akankhire chidole kumanzere, kenaka kumanja pang'ono, mpaka phewa la chidolecho linakhudza la namwino. Anamanga zomangira zonse, naitana atelala.

Anawalangiza atatalikirana, akuloza ndi chala. Asakhudze galasi. Asatsamire miyendo ya choimikira. Chawo ndi batani lokha, ndipo iwo akakweza chipewa n'kuchiika pansi, adine kambirimbiri.

"Ndimalowetsa ulusi pa singano opanda magalasi, alamu. Batani lokha lindikanike?"

A Yandikanani anayenda kubwerera, anachotsa chidole, naima pa mtanda wawo. Anavula masiki n'kuiika m'thumba. Mwana wawo anali kutsogolo, atawapatsa msana, akuyang'ana ku kamera. M'miyezi yonseyi ankamuona kuchokera pakhonde, madzulo, kuwala kukuthera. Tsopano dzuwa linali pa iye. Kuseri kwa makutu ake kunali zilonda zazing'ono zimene zingwe za masiki zinasiya. Khosi linali la amayi ake, mpaka katsitsi kaja kokana kulowa m'chomangira. Ndipo kolala ya yunifolomu inali itapindika kumbuyo, mbali ya kumanzere, nsonga yake itaima.

Sanaganize kanthu. Dzanja linanyamuka lokha monga linkachitira ndi aliyense, ndipo phazi linalitsatira.

"Alamu, pa mtanda panu!" anakuwa atelala kuchokera kumapeto kwa msewu.

"Bambo, ndakumvani," anatero namwino osacheuka. "Musasunthe."

Anaima pomwepo, phazi limodzi pa choko, dzanja lili m'malere.

"Kolala yapindika."

"Isiyeni."

"Ioneka pa chithunzi."

"Ioneke. Bwererani pamalo panu."

Anabweza phazi, natsitsa dzanja. Anakweza chipewa, anachiika pansi, naima mowongoka monga ankaimitsira anthu ena. Atelala anadina, nadinanso, akufuula kuti amwetulire poti si maliro. Zitatha, namwino anavala masiki yake asanatembenuke, ndipo bambo ake anavala yawo. Chidole anachibweza kwa eni ake.

Tsiku lonselo sanatsegule kamera. Anaphika, anaika mbale pampando, anakonza mpopi uja umene unkadontha kuyambira chaka chatha. Lolemba m'mawa galimoto ya chipatala inaima pageti. Namwino anatuluka ndi chikwama chimodzi, anawauza pamene anaika mankhwala awo a shuga a mwezi wonse, anawakumbutsa kuti asalole atelala kuwapatsa tiyi wa shuga wambiri, nakweza dzanja. Iwo anakweza lawo ali pakhonde. Galimoto itapita, anachotsa mpando uja pakati pa bwalo, anaima nawo kanthawi, kenaka anaubwezera pomwepo.

Masana ndi pamene anakhala pa kompyuta ya mu situdiyo. Galasi linali litagwira ntchito yake. Pa zithunzi zonse mapewa anali ogundana, nkhope zonse ziwiri zikuoneka bwino, msewu wa kumbuyo utasungunuka. Palibe akanadziwa. Koma anthu awiriwo anaima njo, manja m'mbali, ngati alendo amene agundana mapewa m'basi ndipo aliyense akuyesa kusamuona mnzake. Anazidutsa chimodzichimodzi. Panalibe cholakwika choti aloze.

Atabwerera koyambirira anapeza china chimene sanachilamule. Atelala, pofuula paja, chala chinali pa batani. Pa chithunzicho a Yandikanani sakuyang'ana kamera, akuyang'ana khosi la mwana wawo. Chipewa chikadali kumutu. Dzanja lawo latambasuka n'kulowa kuseri kwa phewa lake, ndipo aliyense woona anganene kuti bambo wakoleka mwana wake dzanja kumsana. Namwino maso ali cham'mbali, pakamwa patatseguka pang'ono, pakati pa kukalipa ndi kuseka. Nsonga ya kolala yaima pambali pa khosi.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa bwino kutalika kwa mpata umene unali pakati pa zala zawo ndi kolalayo, chifukwa anaona atelala akuuyeza. Koma chithunzicho sichinawavute monga ankayembekezera. Anachitumiza kwa mwana wawo pa foni popanda mawu.

Namwino anaimba Lachiwiri masana, pa nthawi yake yopuma. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitini.

"Dzanja lanulo sindinalimve."

"Silinafike."

"Nanga zina zija, zoima bwino?"

"Zilipo. N'zabwino."

"Zisungeni. Ine changa ndi chimenechi." Kumbuyo kunkamveka mawilo a bedi. "Koma musachipachike pazenera, bambo. Anthu adzati namwino wavula masiki n'kukumbatira nkhalamba ya shuga pakati pa msewu."

Zimenezi anali asanaziganize. Anaseka pang'ono, navomera.

"Chija cha amayi chikadali m'kabati ya pansi?"

A Yandikanani sankadziwa kuti mwanayo anachionapo. Iye anawauza kuti ali wamng'ono, iwo akapita kukajambula maukwati Loweruka, amayi ake ankachitulutsa n'kumamuonetsa, kenaka n'kuchibwezera kuseri kwa mababu mmene anachipezera.

"Ankati ndi tsiku lokhalo limene anakuonani mukuthamanga."

Wina anamuitana, ndipo anati ayenera kupita. Anafunsa ngati amwa mankhwala. Iwo anati amwa.

Madzulo amenewo anasindikiza chithunzicho, natenga mafelemu awiri mwa aja amene ankagulitsa kwa akwati. Khoma la pabalaza linali lolimba, ndipo msomali woyamba unapindika. Anapachika chakalecho kumanzere, chatsopanocho kumanja. Poyamba anaziyandikanitsa mpaka mafelemu kugundana, mwa chizolowezi. Atabwerera m'mbuyo kuti aone, anazisiya choncho.

Pazenera la kumsewu anadzapachikapo china tsiku lotsatira. M'mawa mwake anatuluka ndi kamera, naima cham'mbali monga ankachitira ndi zina zonse, najambula mitanda iwiri ya choko pa msewu wopanda munthu. Odutsa ankafunsa atelala kuti chimenechi ndiye chiyaninso, ndipo iwo ankayankha kuti alamu awo amaliza kujambula mphepo, tsopano ayamba pansi.

Masabata anapita. Namwino ankaimba akapeza mpata, nthawi zina mawu ochepa chabe. A Yandikanani ankayendabe m'mawa, ndipo potuluka pageti ankalambalala mitanda ija osaipondapo. Matayala ndi mapazi a anthu anaifufuta pang'onopang'ono, kenaka usiku wina kunagwa mvula. M'mawa anapeza msewu uli mbee.

Atelala anawaona ataima pamenepo, manja kumbuyo. Anaimitsa makina, natulutsa choko m'thumba la epuloni.

"Ndilembenso, alamu? Malo ake ndikuwakumbukira."

A Yandikanani anayang'ana chokocho, kenaka anayang'ana chitseko cha situdiyo.

"Ayi, musavutike. Akabwera tidzajambulira m'kati, pa benchi."

"Ndi kawotchi kanu kaja? Achemwali anandiuza nkhani yake. Mudzakolanso chingwe."

"Mudzadina ndinu."

"Ndiye muyambiretu kuchapa nsalu ya kumbuyo ija. Masitepe ake sakuonekanso ndi fumbi."

Anati aichapa. Atelala anabweza choko m'thumba n'kupondanso makina. A Yandikanani anakonza masiki yawo, anakoleka bwino kamera, nalowera cha ku positi ofesi kukaona ngati akuluakulu aja afika pa benchi.